Makadi a Mzere Wofiira

Madzi a ku Kanyama saodira. Amangotumphuka pansi pa simenti, n'kukwera miyendo ya bedi, mwininyumba n'kudzuka mapatapata ake akuyandama pakhomo. Ndiye mvula itakata Lachitatu lija, dzuwa n'kutuluka, komboni yonse ya mu Lusaka imeneyi inatulutsa umphawi wake pabwalo: matiresi pamadenga, mabulangete pamawaya, mipando yonyowa itatsamira makoma. Tsiku lotere aliyense amaona za mnzake, ndipo palibe amene amachita manyazi.

Marjory Kasoma, telala wosokera pakhonde, ankafuna kuyamba ndi nsalu za makasitomala. Koma bambo ake, a Whyson Kasoma, anali ataima pakhomo la chipinda cham'kati, buluku atapinda mpaka m'maondo, timiyendo tawo tikunjenjemera m'madzi.

"Makatoni choyamba, Marjory," anatero. Mkuluyu ankalankhula Chinyanja cha m'mabuku ngakhale pogula tomato, ndipo anthu ankawaseka nacho kuseri.

"Batate, nsalu izi ni za banthu."

"Izinso ndi za anthu."

Makatoniwo anali ndi mbiri yake. A Kasoma anaphunzitsa Chigiriki ndi Chilatini, zinenero zakalekale za kutsidya kwa nyanja, pa koleji ina ya mishoni kunja kwa Lusaka, kuyambira ali ndi tsitsi lonse mpaka dazi litafika pankhongo. Kenaka akuluakulu a kolejiyo anaona kuti ana amakono akufuna makompyuta ndi zamalonda, natseka dipatimentiyo. Mapepala ake onse, mafayilo a ophunzira, mayeso, makalata a aphunzitsi oyamba, zokambirana za m'misonkhano, zithunzi za masewero a chaka ndi chaka, anawaunjika kuseri kwa khitchini kudikira amayi okulungira zitumbuwa. A Kasoma anapempha galimoto ya mnzawo, nawatuta onse mpaka kachiduswa komaliza. Anzawo popuma ntchito anabwera kunyumba ndi firiji. Iwo anabwera ndi dipatimenti.

Marjory anawada makatoniwo, ndipo sankabisa. Anamulanda chipinda chake, moti ankagona pabalaza, mutu kumashini osokera. Anabweretsa makoswe. Mayi ake mpaka tsiku lomwalira ankawatchula kuti mkazi wachiwiri. Koma sabata imeneyo inali yomaliza. Mayi wina wa ku ofesi yosunga zakale anali atabwera, nawerenga, navula magalasi, nati zinthu zotere kulibenso kwina m'dziko muno, adzazitenga ndi galimoto Lachisanu. Kuchokera tsiku limenelo a Kasoma ankayenda ataongoka msana. Ndipo madzi anasankha sabata yomweyo.

Choncho Marjory anasenza. Makatoni apansi anali atafewa, ena ankaphulika m'manja mwake. Anayala malata akale pamwamba pa njerwa, nandanditsapo mapepala, n'kumawatsindira ndi timiyala. Malata atadzaza anapachika ena pawaya wa zovala, ena pampanda. Ovuta anali makadi. Wophunzira aliyense amene anadutsa m'dipatimentiyo anali ndi khadi lake lolimba: dzina pamwamba, kachithunzi ka nkhope pakona, ndipo m'munsi maphunziro amene anatenga, ena olembedwa m'zilembo zopindikapindika za Chigiriki. Makadiwo anali atamatana, ndipo ankafunika kuwamatula limodzilimodzi. Pofika masana bwalo lonse la a Kasoma linali nkhope zokhazokha zoyang'ana kumwamba.

Marjory anaimirira, nagwira m'chiuno, nayang'ana bwalolo ndi maso a munthu wodutsa mumsewu. Zimene anaonazo sizinamusangalatse.

"Batate, aya yamapikicha tiyanike mukati."

"M'kati mulibe dzuwa."

"Banthu bazayamba kukamba."

"Anthu akambe chiyani? Ndi makadi a sukulu."

Anayankha osatukula mutu, akupukuta nkhope ya mnyamata wina ndi kansalu. A Kasoma anakhala m'Kanyama zaka zambirimbiri, koma Kanyama sanamuwerengepo. Marjory anabadwiramo, koma anali atatopa, nangopitiriza kuyanika.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kunabwera kamphepo kamasana, kosagwetsa ngakhale chitenje pawaya, n'kunyamula makadi angapo kuwaolotsa mpanda. Posapita nthawi pachipata panaima mayi wa kuseri, wogulitsa makala, amene onse ankawatchula bana Chewe potengera dzina la mwana wawo woyamba. Anali amasiye. Amuna awo, a Wilbroad Chilekwa, owotcherera mageti, anagwa pantchito chaka chathachi n'kutsirizika pomwepo, osadwala ngakhale mutu. Bana Chewe sanabwere akukuwa, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa Marjory. Anabwera pang'onopang'ono, atagwira khadi ndi nsonga za zala.

"Marjory, ichi chagwela pa malasha yanga. Ni ndani uyu?"

Marjory anayang'ana. Mnyamata wa tsitsi lambiri, kolala yaikulu, akuyesetsa kusaseka. Pamwamba: Wilbroad Chilekwa. Ndipo kuchokera pakona ina kufika pakona inzake, kudula dzina ndi kudula nkhope, panali mzere wofiira.

"Ni ba Wilbroad, pamene banali pa koleji."

"Niziba ni ba Wilbroad. Banankhalako chaka chimozi chabe, tikalibe kukwatilana. Nifunsa kuti pikicha yao ichita chani mu nyumba yanu. Ine mukazi wao nilibe pikicha ya so. Imwe ndimwe babale bao?"

"Iyayi, koma..."

"Na ka laini aka kofiila?"

M'komboni chithunzi si pepala wamba. Munthu amasunga cha mwana wake, cha mayi ake, cha chibwenzi chake pansi pa matiresi. Cha munthu wapadera amachifuna ndi amene akupita nacho kwa sing'anga, ndipo kumeneko sapita kukamufunira zabwino. Marjory ankadziwa zimenezi monga ankadziwira dzina lake. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma pampanda panali patatulukira kale mitu: amayi awiri otunga madzi, mwini kantemba kogulitsiramo shuga ndi sopo pakona, ndi Kunda, kondakitala wa minibasi amene tsiku limenelo analibe chochita chifukwa misewu inali yodzaza madzi. Mwezi umenewo kolera inali itatenga anthu angapo m'mizere yomweyo ya nyumba, ndipo maliro akachuluka anthu amasaka nkhope yoti ailoze chala.

"Ni vambili," anatero mmodzi wa amayi aja, akusuzumira pamalata. "Yanganani. Banthu bekabeka."

Apa ndi pamene a Kasoma anadzuka pampando. Zaka zonsezi panalibe mnansi ndi mmodzi yemwe amene anawafunsapo za makatoniwo, ndipo lero anthu anali atadzaza pachipata akufunsa. Marjory anaona nkhope yawo ikuwala, naona akukonza kolala, mtima wake unangoti phwii. Mphunzitsi anali atapeza kalasi.

"Lowani, lowani muone bwino," anatero, natsegula chipata ndi manja awo. "Amayi, mwamuna wanu anali wophunzira wanga. Mutu wakuthwa zedi. Mzere wofiirawo ndi wa kalaliki wa ku ofesi. Wophunzira akachoka asanamalize maphunziro, kalaliki ankadula khadi lake chonchi, kuti tidziwe kuti salinso nafe."

"Salinso naimwe," anabwereza bana Chewe.

"Batate, ngenani mu nyumba," ananong'ona Marjory.

Kunda anali atawerama kale pamalata, akusankha makadi a mizere yofiira ngati akusankha tinsomba ta kapenta. Anawatambasula m'manja.

"Nanga aba benangu ba malaini, mudala? Bali kuti?"

Munthu wina aliyense akanati sindidziwa. Koma a Kasoma sanaphunzire kunama, ndipo funso la wophunzira sankalisiya lopanda yankho. Anavala magalasi, nalandira makadiwo.

"Uyu anamwalira. Uyu ndinamva kuti ali ku Kitwe, koma ndi kale. Uyu anamwalira akadali mnyamata, zaka zija matenda anavuta. Uyunso. Mtsikana uyu anamwalira pobereka, ndinapita ku maliro ake." Anapukusa mutu mwachisoni chenicheni. "Ambiri anapita. Papita zaka."

Kunamveka achule okha m'ngalande.

Kenaka wina anatola chithunzi chachikulu pampanda, n'kuchikweza kuti onse aone. Anyamata atafunda nsalu zoyera, kumaso atavala zigoba za pakamwa poyasama, ataima mozungulira tebulo. Patebulopo panagona mtsikana, ndipo mmodzi wa anyamatawo anali atatukula mpeni.

"Limenelo ndi sewero," anatero a Kasoma, akumwetulira ndithu. "Tinkachita chaka chilichonse. Apa mfumu ikupereka mwana wake nsembe kwa milungu kuti..."

"Mwamvela?" anatero mwini kantemba, osakweza mawu. "Bakamba beka. Nsembe."

Marjory sanadikirenso. Anawagwira bambo ake padzanja, nawakokera m'nyumba, nakhoma chitseko. Iwo ankadandaulabe kuti sanamalize kufotokoza. Mwala woyamba unagwa padenga asanamalize dandaulolo.

Mphekesera m'Kanyama siisowa basi. Marjory atasuzumira pakatani, anthu anali atasefukira mpaka mumsewu, ena ataima m'madzi ofika m'akakolo, ambiri a iwo osawadziwa n'komwe. Ankamva zidutswa za nkhani yomwe inali itakula kale kuposa mwini wake. Akuti mkuluyo ali ndi zithunzi za komboni yonse. Akuti amalemba m'zilembo za pansi pa nyanja. Akuti mwana amene anamwalira ndi kolera Lamlungu nayenso wapezeka pakhadi. Mawu akuti satanisiti ankadumpha pakamwa ndi pakamwa. Marjory anaimbira apolisi. Anamuyankha kuti galimoto singadutse madziwo, akubwera wapansi, atseke zitseko. Kuchokera kupolisi wapansi, m'matope amenewo, unali ulendo wautali.

Ndiye anaona tayala. Anyamata awiri ankalikunkhuniza m'madzi, mosafulumira, ndipo anthu ankawapatukira. Kumbuyo kwawo kunali Kunda ndi chigubu chachikasu.

Marjory anazionapo izi. Chaka chija cha mphekesera zoti kuli anthu opopera mankhwala m'nyumba za anzawo, anaona kumsika mkulu wina wosokonekera njira atazunguliridwa chonchi. Nayenso ankafotokoza. Marjory anathawa asanayatse, koma fungo linamupeza ali patali. Tsopano mantha enieni anamugwira, moti anakhala pansi m'madzi a pabalaza osadziwa kuti wakhala.

Kunamveka kugogoda. "Ni ine, Kalumba. Segulani, nili neka."

A Kalumba anali m'busa wa tchalitchi cha malata cha kuseri kwa msika, kumene theka la khamulo limapemphera. Marjory sankapitako, koma anawasokerapo makatani a kuguwa. Analowa atavala majombo, thukuta lili kamukamu, m'manja atagwira pepala limodzi la mayeso. Anakhoma okha chitseko.

"Ni Chigiriki ichi," anatero. "Tinachigwilako pang'ono ku sukulu ya Baibo. Chinanikanga."

"Mukanabwera kwa ine," anatero a Kasoma.

"Ba pasita, bauzeni," anatero Marjory, atawagwira jekete. "Imwe bazakumvelani."

"Nabauza kale panja apo. Bakamba ati mudala ananigula." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mvelani, mulongo wanga, nthawi kulibe. Banthu aba babwela na moto, ndipo moto siubwelela kunyumba na njala. Mubapase mapepa, olo bazatenga batate banu."

Anafotokoza mofulumira. Kutchalitchi kwawo, munthu akapezeka ndi zithumwa, zinthuzo amaziunjika pabwalo. Woyatsa sakhala m'busa, sakhalanso mlendo. Amayatsa ndi mwana wa m'nyumbamo, atanena pamaso pa anthu kuti akukana maguwa a nyumba ya bambo ake. Zikatero nyumbayo yamasulidwa, ndipo wogwiranso mwini nyumba ndiye kuti akulimbana ndi Mulungu. Mwambo umenewo anthuwo ankaudziwa ndipo ankaulemekeza. Wina umene ukanawaimitsa panalibe.

"Ayi," anatero a Kasoma.

"Batate."

"Ndati ayi. Muli anthu m'menemo, Marjory. Aphunzitsi amene anabwera pa njinga kudzayamba dipatimenti pansi pa mtengo. Ana a alimi amene anawerenga mabuku omwe makolo awo sanawalote. Ena a iwo palibenso pena pamene dzina lawo linalembedwa. Lachisanu ndi mkuja."

"Lachisanu muzankhala mu mochale."

"Ukayatsa ndiye kuti wavomera. Kodi ukumva? Iwe, mwana wanga, ukhala utanena kuti bambo ako ndi mfiti. Mawu amenewo sudzawabweza."

"Olo bakuitaneni mfwiti, muzankhala bamoyo."

"Wamoyo monga ndani?"

Galasi la zenera linasweka, mwala n'kugubuduzika mpaka pansi pa mashini osokera. Panja wina anayamba kumenya chitseko ndi chinthu cholemera. A Kasoma anathamangira katoni imodzi yomwe inali isanatuluke, naikumbatira pachifuwa, nalunjika kuchitseko. Ankati akawaonetse. Ankakhulupirirabe, mkulu wa zaka zonsezo, kuti munthu akaona umboni amasintha maganizo.

Marjory anachita chinthu chimene mwana sachita. Anawagwira bambo ake, namatula zala zawo pakatoniyo chimodzichimodzi, nawakankhira m'chipinda cham'kati. Anadabwa kupepuka kwawo. Ankayembekeza kulimbana ndi munthu amene ankamunyamula paphewa popita kutchalitchi, koma m'manja mwake munali mafupa ndi malaya. Anagwera pabedi, magalasi n'kugwa. Anamuyang'ana, osakwiya, ngati akufuna kumuzindikira. Marjory anakoka chitseko nalowetsa loko.

Atatuluka pakhonde ndi katoni pamutu, a Kalumba ali patsogolo manja m'mwamba, phokoso linatsika pang'ono. M'busayo anayamba ndi mawu ake a paguwa, aja amamveka mpaka kumsika popanda chokuzira mawu. Anati Mulungu wagwira mtima wa mwana wa m'nyumba muno. Anati lero si tsiku la magazi, ndi tsiku la chimasuko. Ena anayankha ameni. Ena sanayankhe, ndipo anyamata a tayala aja sanalisiye.

"Mudala atuluke," anatero Kunda.

"Ayambe ayasha mwana," anayankha a Kalumba. "Ndiye mwamene tichitila. Olo unaibala, Kunda? Vamene tinachosa pa nyumba ya bambuya bako, anayasha ni ndani?"

Kunda anayang'ana pansi.

Marjory anasonkhanitsa yekha, chifukwa panalibe wofuna kuzikhudza. Anakokolola pamalata zimene anayala m'mawa ndi manja omwewo. Anathothola za pawaya ndi za pampanda. Makalata opyapyala a aphunzitsi oyamba, mapepala a mayeso okhala ndi inki yofiira ya bambo ake m'mbali, zithunzi za masewero, ndi nkhope zija, mazanamazana. Mulu unafika m'chiuno. Ankamvetsera kuchipinda cham'kati, akuyembekeza kumva chitseko chikumenyedwa, kapena dzina lake likuitanidwa. Kunalibe kanthu, ndipo kukhala chete kumeneko kunamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Wina anamupatsa machesi. A Kalumba anamuuza agwade, nayamba kumutsogolera mawu.

"Ine Marjory."

"Ine Marjory."

"Nikana maguwa ya nyumba ya batate banga."

Marjory anayang'ana khamulo: amayi amene anawasokera madiresi a ukwati, ana amene ankawapatsa zidutswa za nsalu zopangira zidole, bana Chewe ataima patsogolo, khadi lija likadali m'manja. Anayang'ananso tayala.

"Nikana maguwa ya nyumba ya batate banga."

"Kwezani mau, bamvele kumbuyo."

Anakweza. Anabwereza zonse zimene anauzidwa, kuti akukana ntchito zamdima, kuti akudula pangano la magazi, kuti mizimu ya anthu omangidwa m'mapepalawa imasuke. Khoma la chipinda cham'kati linali pafupi kwambiri, ndipo zenera lake linalibe galasi kuyambira kale. Ankadziwa kuti liwu lililonse likulowa.

Anakhwatcha machesi. Mapepala anali onyowa. Moto unanyambita m'mphepete, n'kufuka utsi, n'kuzima. Anayesanso, unazimanso. Khamu linayamba kung'ung'udza, n'kusendera pafupi.

"Vikana kupya," anatero mayi wina. "Mwaona? Vili na mphamvu."

"Mwine wake akali kuvigwilila mukati," anatero wina kumbuyo. "Muchoseni."

Marjory anadzuka, napita kwa Kunda, natambasula dzanja. Kunda anazengereza, kenaka anamupatsa chigubu chija. Petulo amene anthuwo anagula kuti aotchere bambo ake anamuthira yense pa dipatimenti ya Chigiriki ndi Chilatini, mpaka dontho lomaliza, kuti pasatsale wochitira china. Anabwerera m'mbuyo naponya kamtengo ka machesi.

Moto unalilima kamodzi n'kukwera kupitirira denga. Anthu anabwerera m'mbuyo, amayi n'kuyamba nthungululu. Nkhope za pamakadi zinkapindika, kuda, n'kutha. Bana Chewe anasendera, naponya khadi la amuna awo pakati pamoto, nagwa pansi akulira maliro amene ankaoneka kuti anawasunga chaka chonse. A Kalumba anayambitsa nyimbo yachigonjetso, khamu lonse n'kuilandira, ngakhale anyamata a tayala aja ankaomba m'manja. Tayalalo analiponya pamoto pomwepo, poti linali litabwera kale.

Marjory anaima utsi ukumuwawa m'maso. Bambo ake anali amoyo. Ankadziuza zimenezo mobwerezabwereza. Koma pansi pa mantha ndi mpumulo panali kanthu kena kamene kanamuchititsa manyazi: zaka zonsezi ankalakalaka makatoniwo atapsa. Anawatemberera kangati akugona pabalaza? Sakanatha kulumbira kuti dzanja limene linathira petulo linali la chikondi chokha, ndipo anadziwa kuti bambo akenso sadzatha kulumbira.

Apolisi anafika matope ali m'maondo, napeza mapemphero. Anafunsa ngati pali wovulala, anauzidwa kuti palibe, nauza anthu kuti abalalike. Anthuwo anali atayamba kale kubalalika, poti kumwamba kunali kutadanso ndipo aliyense anakumbukira matiresi ake padenga. Podutsa ena ankamugwira Marjory paphewa. "Mwalimba mutima, mwana. Si bonse bangaulule batate bao." Mayi wina amene diresi lake linali pamashini anati adzatuma mwana kudzatenga nsaluyo, asavutike kuimaliza. A Kalumba anachoka chomaliza. Sanamuyang'ane m'maso, anangoti, "Mukafuna thandizo, muziba kwamene nipezeka."

Marjory anatsegula loko. A Kasoma anali atakhala m'mphepete mwa bedi, manja pamaondo, m'chipinda chimene tsopano chinali chachikulu modabwitsa. Anawatolera magalasi, anawalandira. Anawabweretsera madzi akumwa, anamwa. Anadzuka okha, natuluka pakhonde, naima akuyang'ana mulu wakuda umene unkafukabe. Timapepala topsa tinkauluka n'kumatera m'madzi a pabwalo. Marjory anaima kumbuyo kwawo, akudikira mawu alionse, ngakhale oipa.

Pabwalopo panali patatsala munthu mmodzi. Bana Chewe anali atakhala pa njerwa pafupi ndi chipata, maso otupa, chitenje chonse matope. Ataona mkuluyo anadzuka, nabwera, nagwada pansi pa khonde monga mayi amagwadira munthu wamkulu. Mkwiyo unali utawathera. Analankhula mofatsa, mwaulemu.

"Ba Kasoma, manje vasila. Mwamasuka, na ine sinizakuchitani chilichonse. Nifuna chabe kuziba, kuti bana bakanifunsa nikabayankhe. Ba Wilbroad banakulakwilani chani?"

A Kasoma anatsegula pakamwa. Dzanja lawo linanyamuka pang'ono kuloza kumene kunali makatoni, monga ankachitira nthawi zonse akafuna kuonetsa munthu chinthu, kenaka linagwa. Anatembenuka namuyang'ana mwana wawo.

"Ayankhe ndi uyu," anatero. "Ndiye wauza anthu kuti ndine ndani."

Analowa m'nyumba, nakoka chitseko pang'onopang'ono.

Marjory anatsika pakhonde, nagwada m'matope momwemo, maso ndi maso ndi mayi wamasiyeyo. Misozi imene anaigwira tsiku lonse inatuluka.

"Bana Chewe, nipapata, mvelani. Batate sibanapaye munthu. Banali ba ticha chabe. Yanali makadi ya sukulu, monga mwamene banakambila. Ba Wilbroad benze kubakonda. Vonse vamene nakamba paja ni boza."

Bana Chewe anamuyang'ana, osakwiya, mwachifundo ndithu. Anatambasula dzanja namuchotsa kaphulusa kamene kanatera patsitsi.

"Niziba, ni batate bako, ufunika kubaikila kumbuyo," anatero. "Koma ngati yanali makadi chabe, mwana wanga, sembe siunayashe."